Perefyumu wa lily of the valley: duwa lake mulibe m'botolo, ndiye mukudzola chiyani?

Tengani sopo wosambira, kapena mankhwala aja ofewetsa zovala pochapa, mununkhize. Ngati mukumva kafungo kozizirira, kokhala ngati maluwa oyera osakanikirana ndi masamba aawisi ongothyoledwa m'mamawa, mphuno yanu inakumana kale ndi lily of the valley ngakhale duwalo simunalionepo. Fungoli lili m'zinthu zambiri zapakhomo, moti ambiri amangoti ndi fungo la ukhondo. Pa mabotolo a perefyumu limalembedwa kuti lily of the valley kapena muguet, dzina lake m'Chifalansa.

Chimene wogulitsa sangakuuzeni, mwina chifukwa nayenso sachidziwa, n'chakuti m'botolomo mulibe mafuta ochokera ku duwalo. Fungo lonselo amalipanga posakaniza mankhwala. Awiri mwa mankhwala amene akhala akugwira ntchitoyi kwa zaka zoposa 50 analetsedwa ku Ulaya posachedwapa pa zifukwa za umoyo. Musathamangire kutaya botolo lanu. Koma ngati fungoli mumalikonda, pali mayina atatu oyenera kuwadziwa, ndipo khungu lanu lili ndi zizindikiro zoti muzizitchera khutu.

Duwa lake ndi lotani?

Dzinali tikalimasulira limati kakombo wa m'chigwa, koma musaganize za kakombo wathu wa m'madambo ndi m'mathamanda. Ili ndi duwa lina. Asayansi amalitchula Convallaria majalis. Ndi kachomera kakafupi, kosafika ndi m'mawondo momwe, ka masamba awiri kapena atatu aakulu, ndipo pakati pake pamatuluka kamtengo kolendewera timaluwa toyera tokhala ngati timabelu. Kamamera m'nkhalango zozizira za ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, ndipo kamachita maluwa kwa milungu yochepa chabe mu Epulo ndi Meyi. Kamafuna nyengo yozizira kwambiri kuti kachite maluwa, n'chifukwa chake m'madera otentha simukaona m'minda ya maluwa.

Ku France, pa 1 Meyi anthu amapatsana timitengo ta maluwawa pofunirana mafuno abwino, ndipo ambiri mwa maluwa ogulitsidwa tsikulo amalimidwa kufupi ndi mzinda wa Nantes. Ku Finland ndi duwa la fuko. Linalinso m'maluwa amene Catherine Middleton ananyamula pa ukwati wake ndi Prince William mu 2011.

Kukongola konseku kuli apo, chomerachi n'chapoizoni kuyambira mizu, masamba, maluwa mpaka tizipatso take tofiira. Muli mankhwala achilengedwe oposa 30 amene amagwira mtima, ofanana m'kagwiridwe kake ndi digoxin, mankhwala amene madokotala amapatsa odwala mtima ena mosamala kwambiri. Munthu akadya chomerachi amatha kusanza, kumva m'mimba kupotokola, kuchita chizungulire, ndipo mtima umatha kuyamba kugunda pang'onopang'ono kapena mosokonekera. Inu amene muli ku Britain kapena kwina kozizira, komwe duwali limapezeka m'minda ya pakhomo, izi zikukukhudzani mwachindunji: tizipatso tofiirato timakopa ana, ndipo amphaka ndi agalu nawonso amadwala nako. Mwana akadya, thamangirani naye kuchipatala osadikira zizindikiro.

Poizoni ameneyu m'perefyumu mulibe, pa chifukwa chosavuta: duwa lenilenilo silifikamo n'komwe.

Duwa losalankhula

Maluwa ngati rozi ndi jasmine amapereka mafuta awo akaphikidwa ndi nthunzi kapena akaviikidwa m'mankhwala otulutsa fungo. Lily of the valley amakana. Mafuta amene amatuluka ndi ochepa zedi, ndipo sanunkhira ngati duwa lamoyo. Opanga maperefyumu a ku France amaliika m'gulu la maluwa amene amawatchula kuti osalankhula. Ofuna fungo lake amayenera kulimanga okha, ngati mmene mmisiri amasemera chifanizo poyang'ana munthu.

Mmisiri wodziwika kwambiri pa ntchitoyi anali Edmond Roudnitska. Anadzala maluwawa m'munda mwake ku Cabris, kufupi ndi Grasse kumwera kwa France, n'kumawanunkhiza nyengo yake ikafika poyerekeza ndi zimene amasakaniza. Zotsatira zake zinali Diorissimo, perefyumu amene anatuluka mu 1956 pansi pa dzina la Christian Dior, yemwe ankalikonda duwali mpaka kumaliona ngati chithumwa chake cha mwayi. Mpaka lero, aliyense wopanga perefyumu wa muguet amayezedwa ndi Diorissimo. Makampani a ku England monga Penhaligon's ndi Yardley anatulutsanso maperefyumu awo a duwa lomweli, ndipo otengera otsika mtengo ndi osawerengeka.

Kunena kuti fungo ndi lopanga sikutanthauza kuti ndi loipa. Mafuta ambiri achilengedwe nawonso amayambitsa ziwengo. Nkhani yagona pa mankhwala ati, ochuluka bwanji, pa khungu la ndani.

Mayina atatu oti muwayang'ane pa bokosi

Tembenuzani bokosi la perefyumu wanu, mufufuze pamene palembedwa kuti Ingredients. Zilembo zake zimakhala zazing'ono. Jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho.

Loyamba ndi Hydroxycitronellal. Awa ndi mankhwala akale kwambiri pa onse, anayamba kugwiritsidwa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ndiwo msana wa fungo la muguet. Ndi ololedwabe, koma amadziwika kuti amayambitsa ziwengo mwa anthu ena, moti malamulo a bungwe la mayiko a ku Ulaya la EU salola kuti apitirire gawo limodzi pa magawo 100 a chodzola. Mukawaona musadabwe, ngati khungu lanu siliwakana, palibe vuto.

Lachiwiri ndi lalitali: Hydroxyisohexyl 3-Cyclohexene Carboxaldehyde. Pamalonda amawatchula Lyral, madokotala amafupikitsa kuti HICC. Kwa zaka zambiri anali m'maperefyumu ndi m'mankhwala a m'khwapa osawerengeka, ndipo madokotala a khungu ku Ulaya anapeza kuti anali m'gulu la zonunkhiritsa zoyambitsa ziwengo kwambiri. EU inaletsa kutulutsa zodzola zatsopano zokhala ndi mankhwalawa kuyambira Ogasiti 2019, ndipo kuyambira Ogasiti 2021 ngakhale zotsala m'masitolo sizinaloledwenso kugulitsidwa.

Lachitatu ndi Butylphenyl Methylpropional, lodziwika kuti Lilial, lomwe kampani ya Givaudan inatulukira m'zaka za m'ma 1950. Vuto lake ndi lina. Pa kafukufuku wa pa nyama, makoswe aamuna amene anamwetsedwa mankhwalawa ochuluka anawonongeka ziwalo zoberekera. Chifukwa cha zimenezi anaikidwa m'gulu la mankhwala amene angathe kusokoneza ubereki, ndipo EU inawaletsa m'zodzola kuyambira pa 1 Marichi 2022. Britain inatsatira mu Disembala chaka chomwecho.

Apa tiyeni timvetsetsane, chifukwa nkhani zoterezi zikafika pa WhatsApp zimakula msanga. Makoswe aja anamwetsedwa mlingo waukulu kwambiri poyerekeza ndi kadontho kamene kamafika pa khungu lanu mukapopera kawiri. Chimene chinadetsa nkhawa akatswiri n'chakuti Lilial anali paliponse: m'sopo, m'mafuta odzola, m'shampu, m'mankhwala a m'khwapa, m'sopo wochapira. Akaphatikiza zonsezo tsiku ndi tsiku, sakanatha kunena kuti mlingowo ndi wotetezeka. Choncho ngati mwakhala mukudzola perefyumu wokhala ndi Lilial, musayambe kumuimba mlandu wa kuchedwa kwa mimba. Pitani kuchipatala akafufuze zifukwa zenizeni. Koma pogula botolo latsopano, makamaka ngati ndinu woyembekezera kapena mukufuna mwana, palibe chifukwa chosankhira lokhala ndi dzinali pamene ena opanda alipo.

Ndipo alipodi. Makampani anatulukira mankhwala atsopano olowa m'malo, monga Nympheal ndi Mahonial a Givaudan, komanso Lilybelle wa Symrise, amene amapangidwa kuchokera ku mafuta a makoko a malalanje. N'chifukwa chake okonda maperefyumu akale amadandaula kuti botolo la lero silinunkhira ngati la amayi awo. Sakunama.

Chofunika kukumbukira n'chakuti malamulo a EU amagwira ntchito ku EU. Katundu wakale, kapena wopangidwira misika ina, amatha kukhalabe ndi Lyral ndi Lilial, ndipo botolo limayenda ulendo wautali lisanafike pa shelefu kapena pa benchi pamene mwaligula. Mlonda wanu ndi maso anu pa bokosi lija.

Ziwengo za perefyumu zimabisala

Komiti ya asayansi ya EU yoona za zodzola inanena mu 2012 kuti munthu mmodzi mpaka atatu pa anthu 100 aliwonse ku Ulaya ali ndi ziwengo za zonunkhiritsa. Ambiri sazindikira gwero lake, chifukwa ziwengozi sizibwera nthawi yomweyo.

Zimayenda motere. Timankhwala ta fungo ndi tating'ono kwambiri, timalowa pakhungu n'kumamatira ku mapuloteni a khungulo. Mwa anthu ena, chitetezo cha m'thupi chimayamba kuona zimenezi ngati mdani, n'kuzisunga m'chikumbumtima. Pa nthawi imeneyi simumva kalikonse. Mutha kudzola perefyumu yemweyo miyezi kapena zaka popanda vuto. Tsiku lina thupi likamaliza kuphunzira, mukadzola, pakapita tsiku limodzi mpaka atatu khungu limayamba kuyabwa, kutuluka tizidzolo kapena timatuza, kuuma ndi kusupuka. Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumasokoneza. Munthu amadzola Lamlungu popita kutchalitchi, zidzolo n'kutuluka Lachiwiri, iye n'kumanamizira nsomba ya dzulo, thukuta kapena mkanda wa m'khosi. Ena amati, "Sangakhale perefyumu, ndakhala naye zaka zitatu." Zaka zitatuzo ndiye umboni wake.

Thupi likaphunzira siliiwala. Ziwengo zimenezi nthawi zambiri zimakhala za moyo wonse, ndipo mankhwala omwewo mukakumana nawo m'sopo kapena m'mafuta odzola, zidzolo zimabwerera. Ichi n'chifukwa chake kupewa kuli ndi phindu lalikulu pano kuposa kuchiza.

Malo amene zimakonda ndi m'khosi, kuseri kwa makutu, pamkono povalira wotchi, pachifuwa, m'khwapa ndi m'zikope. Zikope zimavutika ngakhale simunapoperepo, chifukwa khungu lake n'lopyapyala ndipo zala zimafikako. M'khwapa ndiye moopsa kwambiri: mumakhala chinyezi, mumatentha, ndipo mukangometa mumakhala timabala tosaoneka tolowera mankhwala.

Zithunzi zambiri za pa intaneti zimasonyeza khungu lofiira, chifukwa zinajambulidwa pa azungu. Pa khungu lakuda ziwengozi zimaoneka zoderapo kuposa khungu lozungulira, zotuwa ngati phulusa kapena zofiirira pang'ono, nthawi zina timatotupa ting'onoting'ono tokhakhala mukasisita. Zikapola zimasiya banga lakuda limene limatenga miyezi kuti lizilale. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa kachiwiri, pogula mafuta oyeretsa khungu kuti achotse bangalo. Ambiri mwa mafuta amenewo amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid amene amapyapyalitsa khungu, ndipo khungu lopyapyala limalowetsa perefyumu mosavuta.

Pali vuto lina losiyana ndi ziwengo. Khungu likathetheka kapena kutentha nthawi yomweyo mwapopera, kawirikawiri ndi spiriti wa m'perefyumu amene wakhudza khungu louma kapena lometedwa kumene. Izi zimatha pakapita kanthawi.

Dzuwa ndi mdani wa botolo lanu

Maperefyumu a muguet kawirikawiri amakhalanso ndi linalool ndi limonene, mayina ena awiri amene mudzawaona pa bokosi. Paokha savuta kwenikweni. Koma akakumana ndi mpweya kwa nthawi yaitali amasintha n'kukhala mankhwala ena oyambitsa ziwengo mwamphamvu, ndipo kutentha ndi kuwala zimafulumizitsa kusinthako.

Ganizirani tsono botolo limene lakhala padzuwa pa benchi ya pamsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, milungu ingapo. Kapena lanu lomwe, pawindo la chipinda cha malata mu Okutobala, kapena m'galimoto yotsekedwa masana. Perefyumu wotere amada mtundu, amayamba kununkha mowawasa, ndipo sali monga anachokera ku fakitale. Sungani botolo m'bokosi lake, m'kabati kapena m'sutikesi, motseka bwino. Likasintha fungo kapena mtundu, lisafikenso pakhungu.

Timabotolo ta mafuta onunkhira tothiridwa kuchokera m'zigubu n'totchipa ndipo fungo lake limakhalitsa, n'chifukwa chake timayenda malonda. Vuto lake n'lakuti palibe cholembedwa. Simungadziwe ngati muli Lyral kapena Lilial, kapena ngati mafutawo anasungunulidwa mokwanira kuti ayenere khungu. Maperefyumu achinyengo ovala mayina otchuka nawonso bokosi lawo silinena zoona, ndipo ena mwa iwo anapezekapo ndi methanol, spiriti wapoizoni. Ngati khungu lanu limavuta kale, kapena muli ndi chikanga, zoterezi zisiyeni, apo ayi zizithera pa chovala.

Kudzola kuti mumve kukoma kwake

Lily of the valley ndi fungo lopepuka. Silili ngati maperefyumu olemera a oud kapena vanila amene amatsala m'chipinda mwini wake atatuluka. Limayamba mwaukali pang'ono, ngati tsinde laliwisi lothyoledwa, kenako pakapita mphindi 15 kapena 20 limafewa n'kutulutsa maluwa oyera aja, ozizira ngati madzi a pachitsime. M'maperefyumu opangidwa mwaluso, pansi pake pamabisala kafungo kena kofunda, kochokera ku jasmine, kamene kamaletsa kuti musamveke ngati sopo. Kusiyana kwa perefyumu wabwino wa muguet ndi wamba kuli pomwepo. Choncho musagule pongonunkhiza chitsekero. Poperani papepala, muyendeyende, mununkhizenso pakapita theka la ola.

Musanayambe kudzola tsiku ndi tsiku, yesani kadontho mkati mwa mkono, popindikira chigongono, kawiri pa tsiku kwa sabata imodzi. Kuyesa kwa tsiku limodzi sikukwanira, pa chifukwa cha kuchedwa kuja. Pakayamba kuyabwa kapena kutuluka tizidzolo, siyani.

M'nyengo yotentha fungoli limauluka msanga, ndipo apa pali msampha. Mphuno imazolowera fungo limene ili nalo pafupi, moti pakapita kanthawi simudzimvanso. Mumaganiza kuti latha, mumawonjezera, pamene mnzanu wa mu minibasi akulimva lonse. Kupopera kawiri n'kokwanira. Mukafuna kuti likhalitse, poperani pa chovala, chifukwa nsalu imasunga fungo nthawi yaitali kuposa khungu lotentha, komanso mankhwala ofika pakhungu amachepa. Yambani mwayesa mkati mwa mpendero, poti maperefyumu ena amathimbiriritsa nsalu zoyera ndi za silika. Amene ali kale ndi ziwengo adziwe kuti chovala chokhudza khungu chimatha kuzidzutsabe. Kwa iwo ndi bwino jekete kapena chovala chapamwamba.

Pewani kupopera pankhope, m'khwapa mongometedwa, pabala kapena kumalo obisika. Pakhosi ndi pachifuwa poonekera padzuwa pamafunikanso kusamala, chifukwa maperefyumu ena amakhala ndi mafuta a bergamot, mtundu wa zipatso za gulu la malalanje, amene ngati sanayeretsedwe amadetsa khungu likawombedwa ndi dzuwa, n'kusiya banga looneka ngati madzi oyenderera. Makampani akuluakulu masiku ano amachotsa mankhwala oyambitsa zimenezi, koma za mafuta opanda zolemba palibe angakutsimikizireni.

Mpweya ndi wa tonse

Fungo lanu silithera pa inu. Kwa munthu wa mphumu, perefyumu wamphamvu m'chipinda chotsekedwa amatha kuyambitsa chifuwa, kubanika ndi kulira kwa m'chifuwa. Kwa amene amadwala mutu waching'alang'ala, fungo ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika zoudzutsa. Amayi ambiri oyembekezera amachita nseru ndi fungo limene kale ankalikonda. Mukamapita kukazonda odwala, kusikelo kapena pa ulendo wautali wa basi, botolo litsale kunyumba. Ngati wa mphumu ndinu, musapopere m'chipinda chotseka mawindo, ndipo mankhwala anu opumira akhale pafupi poyesa perefyumu watsopano.

Khanda silifuna perefyumu. Khungu lake n'lopyapyala, ndipo limazindikira mayi ake ndi fungo lawo lachibadwa, limene limalithandizanso kupeza bere. Mayi woyamwitsa asapopere pachifuwa, ndipo zovala ndi matewera a mwana zisathiridwe zonunkhiritsa.

Botolo lenilenilo liikeni patali ndi ana. Gawo lalikulu la perefyumu wopopera ndi spiriti wamphamvu kuposa kachasu, ndipo mwana wamng'ono akamwa ngakhale pang'ono shuga wa m'magazi mwake amatha kutsika moopsa. Musamusanzitse, pitani naye kuchipatala mutanyamula botololo, makamaka ngati akuodzera kapena kufooka. Spiriti yemweyo amayaka, choncho musapopere pafupi ndi kandulo, koloboyi kapena mbaula magetsi akazima.

Zidzolo zikatuluka

Sambitsani malowo ndi madzi ndi sopo wopanda fungo, ndipo musiye zonunkhira zonse, osati perefyumu yekha, kwa milungu iwiri kapena itatu. Dzolani mafuta opanda fungo, monga Vaseline wamba. Nsalu yonyowa ndi madzi ozizira imachepetsa kuyabwa. Achipatala kapena a ku famase atha kukupatsani hydrocortisone wodzola kwa masiku ochepa. Musamudzole m'zikope kapena kwa nthawi yaitali popanda malangizo awo.

Pitani kuchipatala ngati zidzolo zikufalikira, zikutuluka madzi kapena mafinya, zafika kumaso, kapena sizikusintha patatha sabata. Milomo, lilime kapena nkhope zikatupa, kapena mukayamba kubanika, musadikire kuti kuche.

Njira yotsimikizira gwero la ziwengo imatchedwa patch test. Dokotala wa khungu amamata timapepala tokhala ndi mankhwala osiyanasiyana kumsana kwa maola 48, n'kudzaonanso khungulo patapita tsiku limodzi kapena awiri atachotsa. Hydroxycitronellal ndi HICC onse ali m'gulu la mankhwala amene amayezedwa motere. Kuyezaku sikupezeka m'zipatala zambiri, choncho popita kukaonana ndi achipatala nyamulani bokosi la perefyumu, la mafuta odzola ndi la mankhwala a m'khwapa, kapena zithunzi za mndandanda wa Ingredients m'foni mwanu. Dzina limene likupezeka pa zinthu zonse zimene zinakuyabwitsani, koma palibe pa zimene khungu lanu limalola, ndi limene dokotala adzayambe kulikayikira.